Ngozi ikagwa, alipire ndani?

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu wa M1. Wayala chiguduli pansi, wasanja milu yake, akuwerengera kasitomala chenji. Minibasi ziwiri zikulimbirana pasenja mmodzi amene wakweza dzanja kutsogoloko. Ina yadutsa inzake chakumanzere, yatuluka mu tala, yamugunda mayi uja n'kumugwetsera m'ngalande. Mwendo wathyoka pawiri.

Tsiku lachitatu mwini minibasi akufika ku wodi atanyamula shuga, sopo ndi botolo la Sobo, m'thumba la jekete muli envulopu ya K50,000. Akugwada, akupepesa, ndipo kupepesako n'kochokeradi pansi pa mtima. Achibale akuyang'anana. Mwinimbumba akuyankha mawu amene tonsefe tinawamvapo: "Musade nkhawa bambo, ndi ngozi imeneyi. Tsoka silinunkha. Dalaivala wanu sanachite dala." Agwirana chanza, nkhani yathera pomwepo.

Patapita miyezi 6 chikhakha anachotsa, koma mwendo sunabwerere mwakale. Mayi uja sangasenzenso dengu. Mpamba wa tomato unathera pa thiransipoti yopita kuchipatala ndi pa ufa wa ana. K50,000 ija inatha sabata yachiwiri.

Ine chipepeso sindichinyoza. Ndi umunthu, ndipo munthu amene wavulaza mnzake osapita n'kukamuzonda komwe timamudabwa. Chimene chimandiwawa ndi mawu aja akuti "sanachite dala", chifukwa atsekera anthu ambiri khomo limene lamulo linawatsegulira. Lamulo la chipukutamisozi silifunsa ngati munthu anachita dala. Wochita dala amakayankha mlandu wina, waupandu. Funso la lamuloli ndi lakuti: ndani anali ndi udindo wosamala pamenepa, ndipo anasamaladi?

Maganizo amenewa anafika kuno pamodzi ndi malamulo a ku England, amene makhothi a dziko lino anayamba kuwatsata mu 1902, ndipo muzu wake ndi nkhani yooneka yaing'ono kwambiri. Mu 1928, mayi wina dzina lake May Donoghue anapita pa malo omwera zoziziritsa kukhosi mu tawuni ya Paisley ku Scotland. Mnzake anamugulira chakumwa cha m'botolo losaonekera mkati. Atamwako, mnzake uja anathira chotsala m'kapu, ndipo malinga ndi dandaulo lake munatuluka nkhono yowola. Anadwala m'mimba. Vuto linali lakuti sanagule yekha chakumwacho, choncho panalibe pangano lililonse pakati pa iye ndi wogulitsa, ngakhalenso ndi wopanga, David Stevenson. Maloya ambiri a nthawi imeneyo akanati palibe mlandu. Koma mu 1932 khothi lalikulu kwambiri ku Britain linagamula kuti wopanga chakumwa ali ndi udindo kwa aliyense amene adzamwe. Woweruza wina, Lord Atkin, anatenga funso limene wachilamulo uja anafunsa Yesu, lakuti mnansi wanga ndani, n'kuliyankha mwalamulo: mnansi wako ndi munthu aliyense amene zochita zako zingamukhudze pafupi kotero kuti unayenera kumuganizira usanachite. Mpaka lero majaji a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu amautchulabe mlanduwu.

Kwa Mmalawi mfundoyi si yachilendo. Mbuzi zako zikadya chimanga cha mnzako, kwa amfumu sakufunsa ngati unazituma. Amakufunsa kuti chingwe chinali kuti.

Ndiye wovulala akafika kukhothi amayenera kuonetsa kuti amene akumusumirayo anali ndi udindo womusamala, kuti udindowo sanaukwaniritse, kuti kulepherako ndiye kunabweretsa ngozi, komanso kuti iye wavulaladi kapena wataya kanthu. Pa ngozi za pamsewu mfundo yoyamba sivuta, pakuti aliyense wogwira chiwongolero ali ndi udindo kwa onse ogwiritsa ntchito msewu. Mkangano umagona pa yachiwiri. Muyeso wake si dalaivala wodziwa kuposa onse, komanso si "mmene timayendetsera tonse kuno". Ndi dalaivala wanzeru zake, wodziwa ntchito yake bwinobwino: akanachita chiyani pamalo amenewo, nthawi imeneyo? Pa mlandu wa Banda ndi anzake osumira ADMARC mu 1990, umene umatchulidwa kawirikawiri m'zigamulo za kuno, khothi linati dalaivala wotere sathamanga mopyola muyeso, amayang'anitsitsa kumene akupita, ndipo amamvera zizindikiro za pamsewu. Liwiro lopyola muyeso silitanthauza nambala ya pa chikwangwani yokha. Makilomita 50 pa ola angakhale ololedwa, koma pa msika wa Lizulu tsiku la msika, kapena pa geti la sukulu ana akuweruka, munthu wosamala amatsika pamenepo.

Mfundo yachitatu ija anthu amaipeputsa, koma milandu imagwera pomwepo. Dalaivala akhoza kukhala wopanda laisensi, galimoto yake yopanda COF, chiphaso chosonyeza kuti ili bwino kuyenda pa msewu, koma ngati anaima bwinobwino pa roboti wina n'kudzamuwomba kumbuyo, kusowa kwa mapepala sikunabweretse ngoziyo. Apolisi amulipiritsa faindi ya mapepala, koma wolipira ovulala ndi wakumbuyo uja. Nthawi zina, mosiyana ndi apa, ngozi imadzichitira yokha umboni. Thumba la simenti silimagwa lokha kuchokera pa nyumba yosanja, ndipo galimoto yoyendetsedwa bwino siikwera pa khonde la golosale. Zikatero khothi likhoza kunena kuti amene ankayang'anira chinthucho ndiye afotokoze mmene chinachitikira popanda kusasamala.

Apa ndipatule milandu iwiri imene anthu amaisokoneza. Apolisi akatengera dalaivala kukhothi chifukwa choyendetsa mosasamala, umenewo ndi mlandu wa boma, ndipo faindi imene walipira imalowa m'thumba la boma. Wovulala akamva kuti "mlandu unatha, anamulipiritsa", amaganiza kuti zake zatheranso pomwepo. Ayi. Mlandu wa chipukutamisozi ndi wapadera, ndipo amautsegula ndi wovulala mwini. Muyeso wa umboni nawo ndi wosiyana. Kuti munthu amangidwe pamafunika umboni wosasiya chikayiko, pomwe pa chipukutamisozi khothi limangoyeza mbali ziwirizo n'kuona imene ikulemera. N'chifukwa chake dalaivala akhoza kumasulidwa pa mlandu wa apolisi koma n'kupezekabe kuti ayenera kulipira amene anamuvulaza.

Tsono dalaivala wa minibasi uja alipira ndi chiyani, poti iye mwini amadya zotsala akapereka tageti kwa bwana? Apa ndi pamene lamulo limakwera masitepe awiri. Sitepe yoyamba: wolemba ntchito amayankha pa kusasamala kwa wantchito wake, malinga ngati wantchitoyo analakwitsa ali pa ntchito imene anamulembera. Mwini minibasi sanganene kuti "ine ndinali kunyumba, sindinamutume kuthamanga". Galimoto ndi yake, phindu ndi lake, dalaivala anamusankha yekha, ndipo tageti imene imathamangitsa madalaivala amaika ndi iye. Ngakhale bwana atamuletsa kuthamanga, kunyamula anthu ndi ntchito imene anamutuma, kungoti waigwira molakwika. Zimasintha ngati dalaivala waba galimoto usiku kupita ku zake za kumowa. Pamenepo bwana ali ndi poyambira kukana, ndipo maloya amalimbana kwambiri pa malire amenewa.

Sitepe yachiwiri ndi inshuwalansi. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pa msewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija timaitcha third party. Anthu ambiri amaiona ngati kapepala komata pa galasi kuti apolisi a pa rodibuloko asavute. Komatu kapepalako kanaikidwa chifukwa cha mayi wa tomato uja. Gawo 148 la lamuloli limapatsa wovulala mphamvu yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, m'dzina lake, ngakhale iye sanasainirane nayo kalikonse. Ndiye mwini minibasi akamabwera ndi envulopu, nthawi zambiri pali ndalama ina imene analipirira kale chaka chonse kuti idzagwire ntchito pa tsiku ngati limeneli. Kuitsata si kumuzunza bambo wopepesa uja.

Koma kampani imalipira mpaka pa malire olembedwa mu pangano lake ndi mwini galimoto. M'zigamulo zambiri za zaka zapitazi malire amene ankatchulidwa anali K5,000,000, ndalama imene inkamveka yambiri kale koma kugwa kwa kwacha kwaidya. Khothi likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo ziyenera kuchokera m'thumba la mwini galimoto ndi dalaivala, n'chifukwa chake loya wodziwa ntchito amawasumira onse pamodzi. Kampani imathanso kukana ngati galimoto inkagwira ntchito imene sinalembedwe mu pangano. Wokwera matola pamwamba pa matumba a chimanga mu lole ya katundu akhoza kupeza kuti inshuwalansi ya loleyo sikumuwerengera.

Pamene pali bala lalikulu ndi pa kabaza. Njinga zamoto zadzaza m'matawuni ndi m'midzi momwe, ndipo zambiri sizinalembetsedwe, zilibe inshuwalansi, woyendetsa alibe laisensi. Lamulo silisintha: wakabaza wosasamala ali ndi mlandu, ndipo ngati njinga ndi ya bwana amene amalandira ndalama madzulo aliwonse, bwanayo akhoza kukokedwamo. Koma chigamulo ndi pepala. Ngati woluza mlandu alibe kanthu koposa njinga yophwanyikayo, wovulala amabwerera kunyumba ndi pepala lakelo. Amene analowapo mu wodi ya othyoka mafupa m'zipatala zathu zazikulu amadziwa kuti mabedi ambiri agonapo anthu a ngozi za kabaza, ndipo ambiri a iwo alibe kampani yoti akaigogodere.

Nanga wovulala naye akakhala kuti analakwitsa? Anadumpha msewu osayang'ana, anakwera njinga osavala chipewa choteteza mutu, analendewera pa chitseko cha minibasi yodzaza. Kale ku England kalakwidwe kakang'ono ka wovulala kankapha mlandu wonse. Lero, kuno ngati kumeneko, khothi limagawa. Likaona kuti bala lako likuyenera K8,000,000 koma gawo limodzi mwa magawo 4 a vutolo linali lako, ulandira K6,000,000. Choncho wapolisi kapena wachibale akakuuza kuti "nawenso unalakwa, usavutike", wanena theka la choonadi. Kwa ana aang'ono khothi siliyembekeza nzeru za munthu wamkulu. Mwana wa zaka 5 wothamangira mpira mu msewu akuchita zimene ana amachita, ndipo dalaivala woona ana m'mbali mwa msewu ayenera kuyembekezera zimenezo.

Ku ntchito nkhani imayenda njira ina, ndipo njira imeneyi antchito ambiri saidziwa. Taganizani za dakaboyi pa nyumba yosanja, wasenza ndowa ya matope, akukwera makwerero a milimo ya bulugamu yomangidwa ndi waya. Thabwa limodzi lathyoka, wagwa, dzanja laphwanyika. Foromani akuti anaponda molakwika. Pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, zimenezo si zimene zimayang'anidwa poyamba. Wantchito amene wavulala chifukwa cha ntchito, ali pa ntchito, ayenera kulandira chipukutamisozi popanda kuonetsa kuti bwana analakwa. Nkhaniyi imadzera ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, dokotala amayeza kuti thupi laluza mphamvu zochuluka bwanji pa 100, ndipo ndalama amaiwerengera pa malipiro. Wolumala kotheratu amalandira malipiro a miyezi 54, ndipo banja la womwalira limalandira a miyezi 42. Wolandira K100,000 pa mwezi akalumala kotheratu ndiye K5,400,000, akaluza 20 pa 100 ndiye K1,080,000. Mukuona nokha kuti wolandira zochepa amapepesedwanso ndi zochepa, ngakhale dzanja lake limapweteka mofanana ndi la manijala.

N'chifukwa chake khomo lachiwiri ndi lofunika. Ngati bwana sanapereke zida zotetezera, sanatchinge makina odula, sanaphunzitse wantchito, kapena anamukweza pa makwerero ovunda, wantchito akhoza kumusumira ku High Court pa mlandu wa kusasamala, ndipo kumeneko ululu ndi tsogolo lake zimawerengedwa. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo pa wolemba ntchito, osati pa wantchito amene akuopa kuti akadandaula achotsedwa. Mawu akuti "ankadziwa kuti ntchitoyi ndi yoopsa" makhothi sawalandira mwachisawawa, chifukwa munthu wofuna ya ndiwo savomera ngozi mwa kufuna kwake. Chimene sichitheka ndi kulandira kawiri pa bala limodzi.

Za malo ndidutsepo mwachangu. Mwini sitolo, sukulu, lesitilanti kapena nyumba ya lendi ali ndi udindo wosamala amene alowa movomerezeka. Pansi ponyowa popanda chenjezo, dzenje la chimbudzi losiyidwa pululu pamene ana amasewera, waya wa magetsi wosenda: zonsezi zili ndi mwini. Kontirakitala wokumba ngalande mu msewu n'kuisiya usiku popanda chotchinga nayenso ali ndi mlandu. Galu amene mwini wake akudziwa kuti amaluma, akaluma munthu wodutsa, mwiniyo savuta kumupeza wolakwa. Wofuna kusumira boma, kaya chifukwa cha galimoto ya boma kapena chipatala cha boma, ayenera kuyamba walembera Attorney General, loya wamkulu wa boma, chidziwitso n'kudikira miyezi 3 asanatsegule mlandu.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti mwendo ndi ndalama zingati. Palibe mtengo wolembedwa. Mfundo imene makhothi amatsata, yochokera pa chigamulo cha Lord Blackburn mu 1880, ndi yakuti ndalama imubwezere munthu pamene akanakhala ngozi ikanapanda kuchitika, mmene ndalama ingathere. Mlandu ukapambana, kawirikawiri ndi Registrar wa High Court kapena womuthandiza amene amakhala pansi kuwerengera. Amayang'ana ululu umene munthu wamva ndi umene adzamvebe. Amayang'ana zokoma za moyo zimene zamuthawa: sangalimenso, sangavinenso, sangabereke mwana kumbuyo, sangagwade m'tchalitchi. Amayang'ana zipsera ndi kupunduka kwa thupi. Kenako amafanizira ndi zimene makhothi anapereka pa mabala ofanana nawo, n'kuwonjezera poganizira mmene kwacha yagwera kuchokera nthawi imeneyo. Ndalama zimene munthu wawononga kale, za mankhwala, za thiransipoti, za lipoti la apolisi ndi la dokotala, zimafuna umboni weniweni. Apa ndi pamene mayi wa tomato amaluzira, chifukwa kabaza sapereka lisiti ndipo phindu la tomato palibe amalilemba. Kope la sukulu lolembamo tsiku, ulendo ndi ndalama, limodzi ndi buku la kuchipatala losungidwa bwino, zimathandiza kuposa kulira pamaso pa woweruza.

Munthu akamwalira, amene ankamudalira, mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi makolo, ali ndi ufulu wofuna chipukutamisozi pansi pa Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act. Khothi limatenga zimene ankapeza pa chaka, limachulukitsa ndi zaka zimene likuona kuti akanathandizabe banja, n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo 3 limene akanadya yekha. Bambo wopeza K120,000 pa mwezi, khothi likamuikira zaka 15, banja lake liyenera K14,400,000, kuwonjezera pa ndalama ina ya moyo umene wadulidwa. Womwalira akakhala wopanda umboni wa malipiro, makhothi amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma. Banja limene linalandira bokosi, thumba la ufa ndi galimoto yonyamula maliro n'kunena kuti zakwana, liyerekeze zimenezo ndi nambala ili pamwambayi, ndi ana amene atsala.

Mdani wamkulu wa wovulala ndi nthawi. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 3 zotsegulira mlandu wa kuvulala chifukwa cha kusasamala, ndipo mphamvu ija yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji imatha pakapita zaka 2. Zaka 2 zimaoneka zambiri, koma chaka choyamba chimathera pa bedi ndi pa ndodo, chachiwiri pa "bwerani mwezi wamawa, fayilo yanu ikuyenda". Kukambirana ndi kampani sikuimitsa wotchi. Chimene chimaimitsa ndi kutsegula mlandu kukhothi. Ndipo kutsegula mlandu sikutanthauza kuti mukakangana zaka zambiri, pakuti malamulo a High Court a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera pa mkhalapakati, ndipo ina ya ngozi imathera pamenepo.

Woti alibe ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu. Wodandaula ndi kampani ya inshuwalansi akhoza kukadandaula kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo wodandaula ndi loya wake apite ku Malawi Law Society. Ndikutchula loya chifukwa m'makonde a zipatala mumayenda madobadoba, anthu ovala bwino amene amadziwa dzina lako usanawauze, amakutengera lipoti la apolisi, amakupezera loya amene sunamuonepo, n'kukusainitsa mapepala uli ndi diripi pa mkono. Ena amathandizadi. Koma alipo ovulala amene mlandu wawo unapambana, ndalama inatuluka, iwo n'kulandira kachigawo kochepa osauzidwa kuti yonse inali zingati. Wovulala ali ndi ufulu woonana ndi loya wake maso ndi maso, kudziwa nambala ya mlandu wake, kumva malipiro a loya ntchito isanayambe, ndi kuona chigamulo kapena kalata ya kampani yosonyeza ndalama yonse.

Pepala loopsa kuposa onse ndi lija limabwera limodzi ndi cheke kapena envulopu, lolembedwa m'Chingerezi kuti ndalama imene mwalandirayi yatseka nkhani yonse. Kulandira shuga, sopo ndi thandizo la kuchipatala sikupha mlandu. Kusaina kapena kudinda chala pa pepala limenelo kukhoza kuupha, ngakhale mwendo utadzayamba kutuluka mafinya chaka chamawa dokotala n'kunena kuti audule. Bala la fupa limadziwika mapeto ake pakapita miyezi, ndipo dokotala sangalembe kuti mwalumala zingati pa 100 chikhakha chisanachoke. Mayi wa tomato uja, pa tsiku lachitatu lija, ngakhale dokotala wake anali asanadziwe ngati adzasenzanso dengu.